Britain Itatuluka mu EU: Katundu Anayamba Kuchedwa Pachipata, Alendo Anangosintha Kochokera

M'mawa wa pa 24 Juni 2016, anthu a ku Britain anadzuka n'kupeza ndalama yawo itagwa usiku umodzi wokha. Madzulo a dzulo lake paundi imodzi inkagula pafupifupi madola 1.50 a ku America, koma pofika m'bandakucha inali itatsikira cha m'ma 1.33, mtengo umene unali usanaonekenso chichokere 1985. Mavoti a riferendamu anali atawerengedwa. Anthu 17.4 miliyoni, omwe ndi 51.9 peresenti ya amene anavota, anali atanena kuti dziko lawo lituluke m'bungwe la European Union, lomwe timangoti EU. Nduna yaikulu David Cameron, amene anaitanitsa yekha riferendamuyo ali ndi chikhulupiriro choti apambana, analengeza m'mawa womwewo kuti atula pansi udindo.

Kutulukaku ndi kumene kumatchedwa Brexit. Papita zaka ndithu, ndipo tsopano zipatso zake zikuoneka, ngakhale kuti si zimene mbali ziwiri, ofuna kutuluka ndi ofuna kukhalabe, zinkalosera pa nthawi ya kampeni.

Kuti timvetse chimene Britain inasiya, tiyambire pa chipata. Aliyense amene anadutsapo pa Mwanza kapena pa Dedza amaudziwa mzere wa mathiraki aja: madalaivala atayala mphasa pansi pa galimoto, ena akuphika nsima pa mbaula, akudikira kuti ajenti amalize mapepala a kasitomu. Tsiku lililonse limene thiraki yaima pamenepo ndi ndalama, ndipo ndalamayo pamapeto pake amailipira ndi munthu wogula mugolosale. Chimene EU inachita n'kuchotseratu mzere umenewo pakati pa mayiko ake. Inachita izi m'njira ziwiri. Yoyamba, mayiko onse a m'bungweli amalipiritsa msonkho wofanana pa katundu wochokera kunja, ndipo katunduyo akangolowa m'dziko limodzi amayenda mwaufulu m'mayiko ena onse. Yachiwiri, yomwe ndi yozama kwambiri, n'njakuti anagwirizana malamulo amodzi a kapangidwe ka zinthu. Soseji yovomerezeka ku Poland ndi yovomerezekanso ku France, popanda wina kuiyezanso pamalire. Pa msika umodziwu zinthu zinayi zimayenda mosaletsedwa: katundu, ntchito za makampani monga mabanki ndi inshuwalansi, ndalama, ndi anthu. EU yakhala ikunena mosapsatira mawu kuti zinayizi ndi mtolo umodzi, sungasolole zitatu n'kusiya chimodzi.

Chachinayicho, anthu, ndiye chinali pamtima pa nkhani yonse.

Britain inalowa m'bungweli mu 1973, ndipo mu 1975 anthu anavota kuti akhalebe, awiri mwa atatu alionse atavomereza. Zinthu zinasintha mu Meyi 2004, pamene mayiko khumi analowa mu EU nthawi imodzi, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Ulaya monga Poland, Lithuania ndi Hungary. Mayiko ngati Germany anaika zaka zingapo zodikira asanalole nzika za mayiko atsopanowa kudzagwira ntchito. Britain, Ireland ndi Sweden anatsegula pomwepo. Kafukufuku amene boma linadalira ankati azibwera anthu osapitirira 13,000 pa chaka. Anabwera mazanamazana a masauzande. Anadzaza mafakitale opakira zakudya, minda ya ndiwo zamasamba ku Lincolnshire, ntchito za zomangamanga, mahotela ndi zipatala. Ambiri anali achinyamata olimbikira ntchito ndipo ankakhoma misonkho. Koma m'matauni ang'onoang'ono momwe mafakitale akale anali atatsekedwa kale, ndipo boma linkadula ndalama za makhonsolo pambuyo pa mavuto a zachuma a 2008, munthu ankaona mzere wa kuchipatala ukutalika, lendi ikukwera, malipiro osasuntha, kwinaku mumsewu akumva zilankhulo zachilendo. Sizinali zovuta kuti andale amuuze kuti gwero la zonsezi ndi mlendo.

Ofuna kutuluka, motsogozedwa ndi anthu ngati Boris Johnson, Michael Gove ndi Nigel Farage, analonjeza kuti dziko lidzayambanso kudzilamulira lokha pa malire, pa malamulo ndi pa ndalama. Basi yawo yofiira inalembedwa kuti Britain imatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, ndipo ndalamazo zikanathandiza zipatala za boma za NHS. Bungwe loona za ziwerengero m'dzikomo linadzudzula nambala imeneyi chifukwa sinachotsere ndalama zimene zinkabwerera ku Britain, koma uthengawo unali utalowa kale m'makutu. England ndi Wales anavota kutuluka. Scotland inavota kukhalabe ndi 62 peresenti, Northern Ireland ndi pafupifupi 56 peresenti, ndipo mzinda wa London nawo unkafuna kukhala.

Kuvota kunatenga tsiku limodzi, kusamuka kunatenga zaka zinayi ndi theka. Theresa May, amene analowa m'malo mwa Cameron, anakambirana pangano limene Nyumba ya Malamulo inalikana katatu, mpaka naye anatula pansi udindo. Johnson anapambana chisankho cha Disembala 2019, Britain inatuluka pa 31 Januwale 2020, ndipo pangano la malonda linamalizidwa pa 24 Disembala chaka chomwecho, kutangotsala sabata imodzi kuti malamulo akale athe mphamvu.

Panganolo limati palibe msonkho wa pachipata pa katundu wodutsa pakati pa Britain ndi EU. Ambiri atamva zimenezi anaganiza kuti basi, malonda apitirira monga kale. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa msonkho ndi gawo limodzi chabe la mtengo wa malire. Gawo lalikulu ndi mapepala ndi nthawi.

Taganizirani msodzi wa kumadzulo kwa Scotland amene amagwira nkhanu ndi nsomba zina za m'zigoba. Makasitomala ake enieni ali ku France ndi ku Spain, chifukwa zambiri zimene asodzi a ku Britain amagwira zimadyedwa kunja. Kale ankapakira katundu wamoyo madzulo, thiraki n'kuyenda usiku wonse, kuwoloka pa Dover, n'kukafika ku msika wa Boulogne zikadali zamoyo. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, katundu yemweyo anafunika chikalata chosonyeza kumene anagwidwa, chikalata cha zaumoyo chosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena woyendera wovomerezeka, ndi fomu ya kasitomu. Ngati m'thiraki imodzi muli katundu wa asodzi khumi, aliyense ayenera kukhala ndi mapepala ake, ndipo mmodzi akalakwitsa nambala, onse amaima. Nkhanu sidikira. M'masabata oyambawo katundu wambiri anawolera m'njira, ndipo pakati pa Januwale amalonda a nsomba anabweretsa mathiraki awo pakati pa London kudzachita zionetsero pafupi ndi maofesi a boma. Chowawa n'chakuti madera ambiri a asodzi ndi amene anavota mwamphamvu kuti atuluke. Mwezi womwewo, apakasitomu a ku Netherlands anajambulidwa akulanda madalaivala masangweji a nyama ya nkhumba, kamba wa paulendo, chifukwa nyama yochokera ku Britain inali itasanduka nyama ya dziko lakunja.

Palinso lamulo la kochokera katundu. Msonkho umachotsedwa pokhapokha ngati katunduyo anapangidwadi ku Britain kapena mu EU. Sitolo imene imaitanitsa nsapato ku China, n'kuzisunga m'nyumba yosungiramo katundu ku England, kenako n'kuzitumiza ku nthambi yake ya ku Dublin, imapeza kuti nsapatozo zikulipiritsidwanso msonkho polowa ku Ireland. Makampani ambiri anaona kuti n'kwabwino kungotsegula malo osungira katundu ku Netherlands kapena ku Germany, ndipo ntchito zinapita komweko.

Kampani yaikulu imalemba anthu oti azingodzaza mafomu, mtengo wake n'kuugawa pa makontena masauzande. Amene anapwetekeka ndi wamalonda wamng'ono, wopanga tchizi kapena jamu, amene ankatumiza maphukusi ochepa kwa makasitomala a ku Ulaya. Chikalata cha dokotala wa ziweto chikadula kuposa phindu la phukusilo, amangosiya. Ambiri anasiyadi, mwakachetechete, osalembedwa m'nyuzipepala. Britain nayo inazengereza kangapo konse kuyamba kuyeza zakudya zochokera ku EU, poopa kukweza mitengo m'masitolo, ndipo inadzayamba mu 2024.

Kodi zonsezi zinadya chuma chochuluka bwanji? Bungwe la boma loima palokha lounika bajeti, la Office for Budget Responsibility, limawerengera kuti pakapita nthawi chuma cha Britain chidzakhala chochepa ndi pafupifupi 4 peresenti poyerekeza ndi mmene chikanakhalira, ndipo malonda ake ndi mayiko akunja adzachepa ndi pafupifupi 15 peresenti. Akatswiri ena amati chiwonongeko n'chachikulu kuposa apa, ena amati n'chocheperapo, ndipo mkangano wake ndi womveka chifukwa Brexit inafika pamodzi ndi mliri wa Covid-19, kenako nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza mtengo wa gasi ndi chakudya. Kulekanitsa bala la chimodzi ndi la chinzake si ntchito yapafupi. Tinenenso chilungamo: amene ankalosera kuti chuma chigwa nthawi yomweyo ndipo anthu miyandamiyanda achotsedwa ntchito analakwitsa. London ikadali likulu lalikulu la zandalama, ngakhale kuti mabanki anasamutsira ena mwa antchito awo ku Dublin, Paris ndi Frankfurt, ndipo bungwe la EU loona za mankhwala linachoka ku London kupita ku Amsterdam. Ntchito zogulitsidwa kunja monga za maloya, alangizi a makampani ndi mayunivesite zayenda bwino ndithu. Chimene chachitika chikufanana ndi chiswe m'denga. Nyumba ili chiimire, koma fakitale imene ikanamangidwa sinamangidwe, ndipo ndalama zimene makampani akanaika m'dzikomo zinaima kwa zaka zingapo kuchokera mu 2016 pamene aliyense ankadikira kuona kumene mphepo ikulowera.

Lonjezo lina linali lakuti Britain ikamasuka idzapangana malonda ndi dziko lonse lapansi. Inapanganadi ndi Australia ndi New Zealand, inalowa m'gulu la mayiko a kunyanja ya Pacific la CPTPP mu Disembala 2024, ndipo mu 2025 inasainirana ndi India. Koma boma lenilenilo linawerengera kuti pangano la Australia lidzawonjezera pafupifupi 0.08 peresenti yokha pa chuma. Chifukwa chake si chachinsinsi. Mayiko amagulitsana kwambiri ndi oyandikana nawo, ndipo mpaka lero katundu ndi ntchito zoposa 40 peresenti zimene Britain imagulitsa kunja zimapita ku EU. Pakati pa Dover ku England ndi Calais ku France pali makilomita pafupifupi 40 okha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mutu umene unavuta kwambiri pa zokambirana unali chilumba cha Ireland. Northern Ireland ndi gawo la United Kingdom, dziko lija timangoti Britain, pamene Republic of Ireland ili mu EU, ndipo pakati pawo pali malire a makilomita pafupifupi 500 okhala ndi njira zodutsira zoposa 200. Pangano la mtendere la 1998, limene linathetsa zaka makumi atatu za kuphana, linathandiza kuti malirewo asamaonekenso. Kubwezeretsapo zipata kukanakhala kutokosa chilonda. Choncho anagwirizana kuti Northern Ireland izitsatirabe malamulo a EU pa katundu, ndipo kuyeza kuzichitikira m'madoko, pa katundu wochokera ku Britain kwenikweniko. Malire a kasitomu analowa m'kati mwa dziko limodzi. Chipani cha DUP, chimene chimafuna kuti Northern Ireland ikhalebe mu United Kingdom, chinakwiya n'kunyanyala boma la m'chigawocho kwa zaka ziwiri, kuyambira Febuluwale 2022 mpaka Febuluwale 2024, ngakhale kuti pangano la Windsor la 2023 linali litafewetsako zinthu.

Tibwerere kwa anthu, pakuti apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife.

Ufulu woti nzika ya EU ingonyamuka n'kukagwira ntchito ku Britain unatha pa 31 Disembala 2020. Amene anali kale m'dzikomo anapatsidwa mwayi wolembetsa kuti akhalebe, ndipo analembetsa oposa 5 miliyoni, ochuluka kuposa mmene boma linkaganizira. Koma ambiri anali atabwerera kwawo nthawi ya mliri, ndipo atsopano sankabweranso. Zotsatira zake zinaoneka mu 2021. Bungwe la eni mathiraki linati pakusowa madalaivala pafupifupi 100,000. Mu Sepitembala chaka chimenecho malo omwetsera mafuta anauma, osati chifukwa mafuta kunalibe, koma kunalibe owanyamula, ndipo asilikali anaitanidwa kudzayendetsa matanka. Alimi anapha nkhumba masauzande ambiri n'kuzitaya chifukwa m'malo ophera nyama munalibe anthu ocheka. Mliri unali ndi mbali yake pa zonsezi, ndipo mayiko enanso a ku Ulaya ankasowa madalaivala, koma Britain inali itadzitsekera chitsime chimene inkatungako. Boma linathamangira kupereka ma viza a miyezi yochepa kwa madalaivala 5,000, ndipo anabwera ochepa kwambiri. M'minda ya zipatso, malo a anthu a ku Romania ndi Bulgaria anayamba kutengedwa ndi anthu a ku Ukraine, kenako a ku Kyrgyzstan, Uzbekistan, Nepal ndi Indonesia.

Walira mvula walira matope. Nkhalamba za ku Britain sizinasiye kukalamba chifukwa cha riferendamu. Ku England kokha, ntchito yosamalira okalamba ndi olumala inali ndi mipata pafupifupi 165,000 yopanda anthu m'chaka cha 2021 mpaka 2022. Mu Febuluwale 2022 boma linatsegula viza ya ntchito imeneyi kwa anthu a dziko lililonse. Malamulo atsopano sankasiyanitsanso munthu wa ku Poland ndi wa ku Nigeria, ndipo kunena zoona, mbali imeneyi inali ndi chilungamo chake. Anabwera anthu ochuluka kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi Ghana, pamodzi ndi mabanja awo, ndipo Amalawi ndi anthu a ku Zambia analowanso pa khomo lomweli. Mayunivesite, amene anataya ophunzira ambiri a ku Ulaya atawakwezera fizi, anatembenukira ku Asia ndi ku Africa, mothandizidwa ndi viza yatsopano ya 2021 yolola womaliza maphunziro kukhala zaka ziwiri akugwira ntchito. Onjezanipo othawa nkhondo ku Ukraine ndi anthu a ku Hong Kong. Pa nthawi ya riferendamu, ukachotsera otuluka pa olowa, pankatsala anthu pafupifupi 330,000 pa chaka, ndipo nambala imeneyi ndi imene inakwiyitsa ovota. Mu 2023 inapitirira 900,000, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'mbiri ya dzikolo.

Koma khomo latsopanoli silofanana ndi lakale, ndipo kusiyana kwake kumandipweteka mtima. Mnyamata wa ku Poland amene anabwera mu 2005 anali ndi ufulu. Bwana akamuzunza ankangochoka n'kukalowa ntchito pafakitale ina mawa lake. Mayi wa ku Lilongwe kapena ku Harare amene anabwera mu 2023 pa ntchito ya keya, yosamalira okalamba ija, ali ndi viza yomangiriridwa ku kampani imene inamupatsa chikalata chomuitana, chija anthu amangoti COS. Amadzuka kusanache m'nyengo yachisanu, kukwera basi kupita kunyumba ya gogo woyamba, kumusambitsa, kumuveka, kumupatsa mankhwala ndi tiyi, kulemba m'foni kuti wamaliza, n'kuthamangira kwa wachiwiri. Nthawi ya pamsewu nthawi zina salipidwa. Akadandaula, amakumbutsidwa amene anamubweretsa. Ambiri anagulitsa malo kapena kutenga katapila kuti alipire madobadoba masauzande a mapaundi pogula COS, chinthu chimene lamulo sililola kugulitsa, ndipo ena atafika anapeza kuti ntchitoyo kulibe kapena mashifiti ndi ochepa osakwanira lendi. Boma litayamba kulanda ziphaso makampani achinyengo, linalanda zoposa 470 pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Kampani ikalandidwa chiphaso, wantchito wosalakwa uja amapatsidwa masiku 60 kuti apeze bwana wina kapena achoke m'dziko. Amene agogo awo anapita ku Joni pa Wenela kapena pa Theba akudziwa tanthauzo la kukhala m'dziko la eni pa pepala la bwana.

Kwathu nakonso kumatsala dzenje. Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe ali pa mndandanda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO wa mayiko amene ali ndi anamwino ndi madokotala ochepa kwambiri, ndipo malamulo a Britain amaletsa kupita kukakopa antchito a zaumoyo m'mayiko amenewa. Koma munthu akafunsira yekha ntchito saletsedwa, ndipo sindingamuweruze namwino amene wasankha kupita. Ndalama zimene amatumiza zimalipira fizi ndi kumanga nyumba. Wodi imene wasiya ndi imene imatsala ndi manja ochepa.

Nambala ija itakwera, andale anachita mantha n'kuyamba kutseka. Kuyambira Januwale 2024 ophunzira ambiri analetsedwa kubwera ndi mabanja. Mu Malichi, antchito a keya nawonso analetsedwa kubweretsa amuna, akazi kapena ana awo. Mu Epulo, malipiro ochepetsetsa oti munthu apatsidwe viza ya ntchito zaluso anakwera kuchoka pa mapaundi 26,200 kufika pa 38,700 pa chaka. Nambala yotsala ukachotsera otuluka pa olowa inatsika ndi pafupifupi theka m'chaka chimodzi. Boma la Keir Starmer, la chipani cha Labour, silinabweze m'mbuyo: mu Julayi 2025 linatsekeratu kulemba antchito a keya kuchokera kunja.

Nkhani ya mabwato ang'onoang'ono owoloka nyanja kuchokera ku France ndi ina, ngakhale kuti pa TV imasakanizidwa ndi zonsezi. Mu 2018 anawoloka anthu pafupifupi 300. Mu 2022 anapitirira 45,000. Si Brexit yokha inachititsa, pakuti njira yobisala m'mathiraki itatsekedwa mwamphamvu anthu ozembetsa anzawo anatembenukira kunyanja. Koma potuluka mu EU, Britain inatulukanso m'dongosolo la Dublin limene linkalola kubweza ena mwa ofuna chitetezo ku dziko la EU limene anayamba kufikako. Ganizo lowatumiza ku Rwanda, lolengezedwa mu 2022, linakanidwa ndi khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo mu Novembala 2023, ndipo boma latsopano linalithetsa mu Julayi 2024.

Eni dziko nawo anataya kanthu. Mngelezi amene kale akanatha kukakhala ku Spain kapena kukagwira ntchito ku Berlin popanda kupempha aliyense, lero amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, ndipo ntchito imafuna chilolezo. Achinyamata, omwe ambiri anavota kuti akhalebe, ndi amene anataya kwambiri.

Pa malonda athu, kusintha sikunali kwakukulu. Malawi inkagulitsa kale ku EU popanda msonkho monga limodzi la mayiko osaukitsitsa, ndipo Britain inasunga mwayi womwewo, tsopano pansi pa dongosolo lake la 2023 la malonda ndi mayiko amene akutukuka kumene. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje amalowabe. Kusiyana n'kwakuti wogulitsa amene ankaona Ulaya ngati msika umodzi tsopano ali ndi misika iwiri, uliwonse ndi mapepala ake. Pa shuga, mu 2021 Britain inalola matani 260,000 a shuga wosayenga kulowa chaka chilichonse popanda msonkho kuchokera kulikonse, zomwe zikutanthauza kuti mayiko osauka akupikisana ndi zimphona ngati Brazil pa msika umene kale anali ndi mpata wapadera.

Mu Meyi 2025, Starmer anakumana ndi atsogoleri a EU ku London n'kugwirizana zoyamba kukambirana pangano lochepetsa mapepala pa zakudya ndi ziweto. Mtengo wake ndi wakuti Britain izitsatira malamulo a EU pa zinthu zimenezi popanda kukhala ndi voti pamene akupangidwa, ndipo mabwato a ku Ulaya apitiriza kusodza m'madzi a Britain mpaka 2038. Mwezi womwewo, boma linatulutsa ganizo loti mlendo azidikira zaka khumi m'malo mwa zisanu asanapatsidwe chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Amayi aja amene anafika mu 2022 ndi 2023, amene ankawerenga miyezi kuti zaka zisanu zikwane amasuke kwa bwana wa COS, anamva nkhaniyi pa foni ali pakati pa shifiti.